Ziro wa Alamu Anga

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga, anabwera kudzayamba ntchito pa kampani pathu Lolemba lina atavala tayi. Pa kampani pathu palibe amene amavala tayi, ngakhale abwana enieniwo, choncho anthu anayamba kutsinana alamuwo asanapeze ndi mpando womwe. Ine ndinaona, koma sindinawanong'oneze kuti avule. Anapatsidwa miyezi itatu yoyeserera. Akachita bwino, ntchito ndi yawo. Akalephera, abwerera kunyumba kumene anali atakhala zaka ziwiri akuthirira maluwa a achemwali.

Ntchitoyo ndinawapezera ndine, koma musafulumire kundiyamikira. Achemwali anabwera kwanga katatu. Ulendo wachitatu analira, nati munthu wa zaka makumi asanu akungozungulira m'nyumba, kutsegula firiji ndi kutsekanso osatengamo kanthu. Achemwaliwo ndi amene anandilera mayi athu atamwalira, ndiye sindikanatha kuwakanira. Koma paja mlandu suwola. Zaka khumi ndi ziwiri m'mbuyomo, alamuwo ali akuluakulu pa kampani ina ya mafoni, ine ndinakafunsirako ntchito yolemba mapulogalamu, ndipo iwo anali m'gulu la ofunsa mafunso. Anandigwetsa. Tsiku lomwelo tili pa tebulo kunyumba kwawo, ana awo ali pomwepo, anandigwira paphewa n'kundiuza mokoma kuti kulemba mapulogalamu si kwa aliyense, ine mutu wanga ukuyenera kuyesa zimene alemba anzanga. Ndinamvera. Ndinakhaladi woyesa mapulogalamu, ndipo zaka zonsezo ndinkawasungira mangawa.

Kampani yathu imapanga pulogalamu yoyang'anira makompyuta a m'maofesi. Imauza mwini ofesi kuti kompyuta iyi ili bwino, iyi yadzaza, iyi ikukwawa pa netiweki. Alamu anapatsidwa kachigawo kakang'ono, kowerenga liwiro la khadi la netiweki, kachipangizo kolumikizira kompyuta ku zinzake. Khadilo likalumikizidwa ku swichi, kabokosi kamene zingwe zonse zimakumanako, ziwirizo zimagwirizana liwiro loti ziyendere, ndipo kompyuta imalemba nambalayo m'kafayilo. Ntchito ya alamu inali kutenga nambala imeneyo ndi kuionetsa pa sikirini. Analemba mizere makumi anayi yosalala bwino. Ndinaiwerenga kawiri ndikufunafuna polakwika, ndipo ndinapsa mtima chifukwa sindinapapeze.

Tili ndi lamulo limene abwana amalinyadira kwambiri: wolemba pulogalamu salowa m'chipinda choyesera. Amati wophika akamalawa yekha, chilichonse chimakoma. Chipindacho chinali changa. Munali makompyuta asanu ndi imodzi pa mashelefu achitsulo, swichi imodzi, fani yosokosera ndi mpando wanga wothyoka chotsamira. Kiyi tinali naye awiri, ine ndi abwana. Olemba mapulogalamu ankangoona zotsatira pa sikirini yaikulu imene ili pakhoma la ofesi yawo. Mayeso akatheka mzere umakhala wobiriwira, akakanika wofiira, ndipo dzina la mwini ntchito limakhala pambali pake kuti aliyense aone.

Abwana athu anayamba moyo ngati wokoka zingwe m'madenga a maofesi, ndipo nkhani imeneyi munthu watsopano amaimva asanathe sabata. Titasuntha mashelefu m'chipinda choyesera, zingwe zakale zinafupika. Ine ndinali ndi dirowa yodzaza ndi zingwe zogula, koma abwana anati zogula n'za anthu aulesi. Anapinda manja a shati, natulutsa chida chawo chakale chopanira mitu ya zingwe, n'kuitana ofesi yonse kuti idzaone mmene munthu amapangira chingwe. Anapanga zisanu ndi chimodzi, zabuluu, akulankhula mosalekeza, maso ali kwa ife m'malo mokhala pa ntchito. Tinawaombera m'manja chifukwa tinkadziwa kuti ndi zimene ankafuna.

Sabata yotsatira, kachigawo ka alamu kanalowa m'mayeso koyamba. Kunali kutatsala masabata awiri kuti miyezi yawo itatu ithe. M'mawa mwake sikirini ya pakhoma inali ndi mzere umodzi wofiira psuu: tikuyembekeza 1000, tapeza 100. Pambali pake panali dzina la alamu.

Timakhala ndi msonkhano m'mawa uliwonse, wochita choimirira kuti usatalike. Abwana anayang'ana sikirini, nayang'ana alamu, n'kuwafunsa kuti ziro winayo amusiya kuti, kunyumba kapena m'basi. Anthu anaseka chikhakhali. Alamu anafotokoza modekha kuti pa laputopu yawo pulogalamuyo ikuonetsa 1000 bwinobwino. Abwana anayankha kuti makasitomala sadzagula laputopu yawoyo. Pamenepo alamu anakonza tayi, nafunsa mwaulemu ngati zingatheke kuti wina aoneko chingwe cha kompyuta yoyeserayo, chifukwa nthawi zina chingwe chimatsitsa liwiro.

Aliyense anapeza choti ayang'ane pansi.

"Zingwe zimenezo ndinapanga ndine, madala," anatero abwana. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe, zingwe zili bwanji?"

Ndinati zili bwino. Panthawiyo ndinali ndisanaziyang'ane n'komwe, ndinangoyankha zimene aliyense wofuna mtendere akanayankha.

Msonkhano utatha ndinalowa m'chipinda changa ndi kutseka chitseko. Pa swichi, chingwe chilichonse chili ndi kanyali kake. Tisanu tinali tobiriwira, kamodzi kanali kachikasu. Ndinatsegula kafayilo kaja pa kompyuta yoyeserayo, ndipo munalembedwa 100. Ndinazula chingwecho n'kupita nacho pawindo. Mkati mwa chingwe cha netiweki mumakhala tiwaya tisanu ndi titatu, ndipo tonse tiyenera kufika kumapeto kwa kamutu ka pulasitiki kuti timano tachitsulo titilume. Kawaya kamodzi, kofiirira, kanali katathera m'njira, dzino lake likuluma mphepo. Kuti khadi ndi swichi ziyende pa 1000 zimafuna tiwaya tonse. Kamodzi kakasowa sizidandaula, zimangogwirizana mwakachetechete kuti ziyende pa 100, pamene pamafunika tinayi tokha. Pulogalamu ya alamu inali kunena zoona. Mu ofesi monse, ndi yokhayo imene inanena zoona m'mawa umenewo.

Kukonza kwake kunali kwa mphindi ziwiri. Ndinatsegula dirowa, ndinatulutsa chingwe chogula, chabuluu ngati chinzake, ndinachimasula ndithu. Kenaka ndinachikulunganso, ndinachibwezera m'dirowa, ndipo ndinalowetsa chingwe cha abwana pamalo pake. Kanyali kachikasu kanayakanso.

Ndikanakonda kunena kuti ndinkaopa abwana, koma limenelo lingakhale bodza. Ndikanasintha chingwecho, abwana sakanadziwa mpaka kufa kwawo. Zoona zake n'zakuti ndinasangalala. Ndinakhala pa mpando wanga wothyokawo mtima ukundikoma ngati munthu wakumwa madzi atayenda padzuwa. Ndinadziuza kuti alamuwo ndiwasiya mpaka Lachisanu lokha, alaweko pang'ono, kenaka ndisintha chingwe zonse zithe.

Nthawi ya nkhomaliro alamu anagogoda. Anaima pakhomo penipeni, zala za nsapato zili pamzere wa kapeti, chifukwa alamu ndi munthu wosunga malamulo ngakhale opusa.

"Alamu," anatero, "mungandionereko kafayilo ka liwiro pa kompyuta yoyeserayo? Ndikungofuna kudziwa kuti ikoko kakunena chiyani."

Ndinawauza kuti adikire. Ndinapita pa kompyuta, thupi langa litatchinga sikirini, ndinatsegula kafayiloko, ndinayang'ana 100 uja kwa kanthawi, n'kubwerera pakhomo.

"Kakunena 1000, alamu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye kuti vuto ndi langa," anatero. Anandithokoza, napita.

Munthu wanzeru ngati iwo akanandikayikira tsiku lachiwiri. Koma ndinali mlongo wa mkazi wawo, amene ndinawapezera ntchito, ndiponso zaka ziwiri za kunyumba zinali zitawaphunzitsa kuti chikalakwika chinthu aziyamba kudzikayikira okha. Anayamba kusaka ziro m'mizere yawo. Poyamba anaganiza kuti pochotsa chizindikiro cha kumapeto kwa mzere pulogalamu ikudulanso nambala yomaliza. Anakonza pamene panalibe cholakwika, mayeso anabwera ofiira. Anaganiza kuti malo osungira nambalayo ndi ochepa, anawakulitsa, ofiira. Anachititsa pulogalamuyo kuti isindikize zimene yawerenga isanazikhudze, inasindikiza 100, ndipo iwo anati ndiye kuti kuwerenga kwenikweniko ndiko kukulakwika. Analemba kuwerengako m'njira zitatu zosiyana. Njira iliyonse ndinkaiyendetsa ndine, mwachangu ndi mwaulemu, ndipo ndinkawabweretsera yankho ndekha pa desiki yawo.

Pofika Lachinayi dzina lawo linali litaiwalika. Anali a Ziro. Wina anaika pa desiki yawo kamphete ka katoni kamene kamatsala selotepi ikatha, ndi kapepala kofunsa ngati amene akumufunayo ndi ameneyu. Wina anayamba kulemba pa bolodi masiku amene mzere wakhala wofiira. Mayi wa pa desiki yolandirira alendo, amene sadziwa ngakhale kuti khadi la netiweki limaoneka bwanji, ankawafunsa m'mawa uliwonse ngati wotayika uja wapezeka. Alamu ankamwetulira. Tayi anali atasiya kuvala, koma zinali zitachedwa.

Mmodzi wa olemba mapulogalamu, amene timamutchula kuti Chidule chifukwa sayenda njira yaitali pa chilichonse, anawamvera chisoni mwa njira yake. Anawauza kuti angolemba kuti pulogalamu ikapeza 100 ichulukitse ndi khumi, mzere ubiriwire, abwana agone tulo. Ndinali pomwepo ndikudikira madzi a tiyi. Alamu anakana. Anati tsiku lina kasitomala adzakhala ndi netiweki yokwawa pa 100 zenizeni, ndipo pulogalamu idzamuuza kuti zonse zili bwino, iye n'kumavutika osadziwa chifukwa. Chidule anakweza mapewa. Ine yankho limenelo linandinyansa kuposa chilichonse. Munthu akumira, koma akadali ndi nthawi yotiphunzitsa khalidwe.

Lachisanu linafika, ndipo sindinasinthe chingwe. Ndinaima pa dirowa ndithu, koma ndinaona kuti sindinakhute.

Loweruka achemwali anandiimbira foni. Anati amuna awo akudya ngati mwana wodwala, akumangolemba manambala pa mapepala. Anandipempha kuti ndiwathandize, popeza ine ndi amene ndikudziwa za kumeneko. Ndinawauza kuti ndikuchita zonse zimene ndingathe. Anati akudziwa, ndine mlongo wawo, sangakayike.

Sabata yachiwiri abwana anatopa ndi nthabwala zazing'ono. Pa msonkhano wa Lachiwiri anapatsa alamu cholembera, nawauza kuti alembe 1000 pa bolodi. Alamu anaima kaye, akuganiza kuti mwina ndi zocheza. Sizinali zocheza. Analemba. Abwana anati awerenge maziro mokweza, mmodzimmodzi, kuti tonse timve kuti amatha. Munthu wa imvi, bambo wa ana atatu, amene kale ankalamulira anthu makumi atatu, anawerenga akuloza ndi cholembera: wani, thu, fili. Ena anaseka, ena anazyolika. Ine ndinaseka, ndipo alamu atatembenuka anandiona ndikuseka. Anandimwetulira, ngati akundiuza kuti akumvetsa, nanenso ndiyenera kusunga ntchito yanga.

Tsiku lomaliza la miyezi itatu abwana anawaitanira mu ofesi yawo ya magalasi, chitseko n'kuchisiya chotsegula dala. Tonse tinamva. Anati kampani si malo osungira okalamba, ndipo munthu amene masabata awiri amuthera pa ziro mmodzi sangapatsidwe nambala zazikulu. Alamu sanatsutse. Anangopempha kuti awalole kusindikiza mizere yawo pa pepala kuti akaionenso kunyumba, ndipo abwana anati atenge, palibe amene akuifuna. Analongedza kapu yawo, chithunzi cha ana, ndi tayi uja amene anali m'dirowa. Potuluka anandigwira chanza ndi manja awiri, nandipepesa kuti andichititsa manyazi pa ntchito panga.

Masana omwewo abwana anandiuza kuti kasitomala akufuna pulogalamu Lolemba, ndione zimene ndingachite ndi zinyalala za alamu anga. Ndinalowa m'chipinda choyesera, ndinakiya, ndinasintha chingwe. Kanyali kanabiriwira. Ndinabwezeretsa mizere makumi anayi ya alamu monga anailembera poyamba, ndinasintha mawu awiri m'ndemanga zofotokozera, zimene kompyuta siiwerenga, kuti dzina langa lioneke kuti ndagwirapo, n'kuyendetsa mayeso. Ndinadikira ola lathunthu ndisanatumize zotsatira, kuti zioneke ngati ndinakhetsa thukuta. Chingwe cha abwana ndinachiika m'chikwama, ndipo ndinakachitaya mu bini ya pa siteji ya basi.

Mzere utabiriwira ofesi inaombera m'manja. Abwana anauza anthu kuti zimene zinakanika katswiri masabata awiri, woyesa wamba wazichita ola limodzi. Lolemba anandipatsa desiki pakati pa olemba mapulogalamu, yomweyo imene alamu ankakhalapo. Ndinakhalapo, ndipo mpando wake unali wabwino, wa chotsamira chathunthu. Sindinama, ndinakondwa.

Patapita masabata atatu achemwali anandiitana kunyumba kwawo Lamulungu masana. Anandilandirira pageti, asanandilowetse, nandiuza nkhani motsitsa mawu. Kampani ina inali itaitana alamu kuti akayankhe mafunso Lachitatu. Mnzawo wakale ndi amene anawatchula, ndipo ntchitoyo inali ngati yawo kale, kungofunika kuti akaonekere. Koma iwo ankakana kupita. Ankati sangakakhale pamaso pa anthu n'kunena kuti amadziwa ntchito, pamene mizere makumi anayi yawakanika ndipo mpaka lero sakudziwa kuti inawakanika pati. Achemwali anandigwira dzanja. Anati popeza ine ndinakonza, ndingowauza chimene chinalakwika, mtima wawo ukhale pansi, apite Lachitatu.

Ndinawapeza pa tebulo la m'chipinda chodyera, atavala juzi ngakhale kunali kotentha. Anali ataonda m'khosi. Pepala lija linali patsogolo pawo, litatha m'mapindiro, mzere uliwonse uli ndi nambala yake ndi timizere ta pensulo. Anaimirira pondipatsa moni, anandifunira mafuno abwino pa desiki yatsopano, ndipo ndinaona kuti akunena kuchokera pansi pa mtima.

"Ntchito ya kwanu ija sindikuifunanso, alamu," anatero, akukankhira pepalalo kwa ine. "Mungondionetsa mzere wake. Ndauwerenga mpaka maso akuwawa."

Achemwali anali ataima pakhomo la kukhitchini, kansalu kopukutira mbale kali m'manja. Ndinadziwa bwino lomwe kuti mawu ochepa okha akanakwana. Ndikanati chinali chingwe, munthuyo akanaongoka pomwepo, akanameta ndevu, Lachitatu akanapita. Koma funso lotsatira likanakhala lakuti ndinadziwa liti, ndipo achemwali akanamva yankho lake ali pakhomo pomwepo. Ndinachita mantha, ndipo pansi pa manthawo ndinapezanso kuti mangawa aja anali asanathe.

Ndinatsitsa chala pa pepalalo, ndinadutsa mizere ingapo ngati ndikukumbukira, n'kuima pa mzere wa 27. Unali mzere wotseka kafayilo pambuyo powerenga. Ngakhale wophunzira wa chaka choyamba sangaulakwitse.

"Apa?"

"Pomwepo, alamu."

Anavala magalasi. Anauwerenga milomo ikugwedera, anabwerera mzere wa pamwamba, anatsikira wa pansi, anabwereranso. Panatenga nthawi yaitali. Kukhitchini ketulo inawira mpaka kudzizimitsa yokha, ndipo palibe amene anasuntha.

"Sindikuona cholakwika," anatero pomaliza, mawu ali ang'onoang'ono. "Mwandilozera ndi chala, koma sindikuchionabe."

"Vuto lake ndi limenelo, alamu," ndinatero.

Anavula magalasi, nawaika pa tebulo. Anapinda pepala lija m'mapindiro ake akale, bwinobwino, n'kuliika m'thumba la juzi. Kenaka anauza achemwali, osawayang'ana, kuti mawa aimbire anthu aja awauze kuti apeze wina. Anandithokoza chifukwa chosawabisira, napita kuchipinda, n'kutseka chitseko mosachita phokoso.

Achemwali anakhala pa mpando umene amuna awo anachokapo, akupotokola kansalu kaja. Anapukuta m'maso, kenaka anandiyang'ana.

"Wachita bwino kuwauza zoona, mlongo wanga," anatero. "Mwina tsopano ayamba kudya."